Thabwa la Apongozi

Dyness anapambana mpikisano wa maboti aang'ono zaka ziwiri zotsatizana, koma Blackson sanafune kuvomereza kuti mayiyu amadziwa kuyendetsa boti.

"Alamu, musanyade," ankatero Blackson akaima pakhonde la sitolo pamene Dyness ankasokera zovala, pafupi ndi msika wa ku Mzimba. "Kaboti kanu kaja n'kabeseni kosambitsira mwana. Mphepo imangokunyamulani chifukwa ndinu opepuka. Bwerani kumaboti aakulu mudzaone."

"Ndikubwera, alamu," Dyness ankayankha uku akupalasa makina ake. "Muyambiretu kusoka mpango wopukutira misozi. Kapena ndikusokereni ine?"

Blackson anali wa ku Mulanje, dalaivala wa lole yonyamula zipika za paini, ndiponso mnzake wa Lumbani, mwamuna wa Dyness. Anthu ogwira ntchito yocheka matabwa m'nkhalango ya Viphya anali ndi kagulu kawo kothamangitsa maboti a thanga padamu la m'nkhalangomo. Mpikisano unkachitika mu Ogasiti, mphepo ya mwera ikalimba. Maboti awo ankawatchula kuti a mapasa, chifukwa lililonse linali timaboti tiwiri topyapyala tolumikizidwa ndi mitanda iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Pakati ankakungapo lona yokhalapo, ndipo mlongoti wa thanga unkaima pamtanda wakutsogolo. Boti laling'ono linkakwera munthu mmodzi. Lalikulu, lamulo la gululo linkati likwere anthu awiri.

Chaka chimenecho banja la Lumbani linaganiza zopanga lalikulu. Lumbani anali kalipentala, ndipo anakhoma timaboti tiwirito kuseri kwa nyumba mothandizana ndi bambo ake, a Enos Zimba, amene anagwira ntchito ya zankhalango zaka makumi atatu asanapume. Zingwe ndi thanga inali mbali ya Dyness. Zonse zimene zinkamuvuta pa kaboti kakang'ono anazikonza pa lalikululi. Mlongoti anakautenga kwawo, kufupi ndi malire a Kasungu, mtengo wa bulugamu umene unauma bwino m'chigafa cha fodya cha bambo ake. Thanga analisoka ndi lona yopepuka, misoko itatuitatu m'mbali monse. Timagudumu tokokera zingwe anatipanga ndi mahabu akale a njinga. Zingwezo anazinyika mu utoto wosiyanasiyana kuti dzanja lisasokonezeke pa changu: chofiira cha thanga lalikulu, chobiriwira cha laling'ono lakutsogolo. Mpini wa chiwongolero anautalikitsa ndi nsungwi kuti azitha kuwongola atakhala m'mphepete mwenimweni. Ntchito yonseyi inatenga miyezi isanu ndi umodzi.

Kutatsala masabata atatu kuti mpikisano uchitike, anatengera botilo kudamu pa pikapu. Potsitsa mlongoti, Lumbani anaponda chingwe, naterereka, nagwera mkono. Kuchipatala anamumanga chikhakha, namuuza kuti asanyamule ngakhale ndowa kwa miyezi iwiri.

Dyness anafunafuna munthu wina wokwera naye. Amuna odziwa maboti anali kale ndi anzawo. Atelala anzake anamuseka.

"Ine madzi amene ndimawadziwa ndi a m'ndowa," anatero mmodzi. "Ukufuna ana anga atsale amasiye chifukwa cha Blackson?"

Lamlungu masana, atabwera kutchalitchi, banja lonse linakhala pabwalo. A Enos anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mapeyala. Dyness anakhala patali, pamkeka, kumbuyo kwa apongozi ake aakazi, aNyaTembo. Umu ndi mmene zinkakhalira zaka zisanu ndi zitatu za ukwati wake. Dyness anali asanakhalepo mkeka umodzi ndi apongozi ake aamuna, asanadyepo nawo pamodzi. Akakumana panjira, iye ankapatuka n'kugwada. Mawu awo ankadzera mwa Lumbani kapena mwa aNyaTembo, ngakhale onse ali pabwalo limodzi.

A Enos anakonza kukhosi. "Lumbani, uwauze aNyaHara kuti munthu wachiwiri wapezeka."

NyaHara linali dzina la mfunda wa Dyness. Lumbani anatembenuka, ngakhale mkazi wake anali atamva kale. "Akuti munthu wapezeka."

"Afunseni kuti ndani," anatero Dyness motsitsa mawu.

"Ndine," a Enos anayankha Lumbani asanafunse. "Kusambira ndimadziwa. Damu lija ndawedzamo kuyambira iwe usanabadwe. Ndipo misomali ya boti lija theka ndakhoma ndine."

ANyaTembo anawomba m'manja kamodzi. "Bambo a Lumbani, mutu ukuyenda bwino? Inu ndi mkamwana wanu, phewa ndi phewa, anthu onse akuona? Kumvano ndikalowa ndi nkhope yanji?"

"Ndani wanena za phewa? Maboti aja ndi awiri. ANyaHara lawo, ine langa, pakati lona. Mbwenu ulemu uli pomwepo. Boti limeneli analipangira apongozi ndi mkamwana."

Lumbani anaseka mpaka chikhakha chinamupweteka. ANyaTembo anakana kwa masiku awiri, kenako analola, koma ananenetsa kuti akangomva kuti awiriwo akhala mbali imodzi mogundana, nkhani ya boti ithera pomwepo. Dyness anavomera. Ankafunitsitsa kuthamangitsa boti lake, komanso sankafuna kutchedwa mkamwana wopanda mwambo.

Loweruka anakayesa. Onse awiri anavala majekete oyandamitsa. A Enos anakhala pa kaboti kakumanzere atayang'ana kutsogolo, Dyness pa kakumanja atagwira chiwongolero. Mphepo inali yofatsa, ndipo boti linayenda mokoma kwambiri moti Dyness anamva mtima wake ukuvina. Silinkadumphadumpha ngati kakang'ono kaja. Linkang'amba madzi mwakachetechete, ndipo akakoka chingwe chofiira pang'ono chabe, linkayankha nthawi yomweyo.

Atafika pakati pa damu, mphepo inalimba kuchokera mbali ya Dyness. Thanga linadzaza, boti linayamba kupendekera kumene kunali a Enos, ndipo kaboti ka Dyness kananyamuka m'madzi. Iye anadziwa chofunika: anthu onse awiri akhale mbali yochokera mphepo kuti kulemera kwawo kutsitse botilo. Koma angawauze bwanji apongozi ake? Panalibe Lumbani woti mawu adzere mwa iye. Anagwada palona, nayang'ana pansi.

"Adada, pepani chomene, ndimati ngati sikukuvutitsani, mwina mukanati musunthireko pang'ono mbali ino, chifukwa zikuoneka ngati mphepo…"

Sanamalize. Boti linagona cham'mbali, thanga linamenya madzi, ndipo onse awiri anapezeka akuyandama m'madzi ozizira ngati a mufiriji. Chipewa cha a Enos chinkapita chokha kutsidya.

Blackson anabwera ndi boti lake kudzawathandiza, koma kuseka kunamulanda mphamvu.

"Alamu! Mwawabatiza madala kachiwiri? Ubatizo wa kumishoni ya Embangweni sunakwane?"

Atafika kumtunda, a Enos anafunda bulangete nakhala padzuwa, mano akugundana. Dyness anakhala patali, akufinya chitenje chake, manyazi atamugwira. Lumbani anaima pakati pawo.

"Uwafunse aNyaHara," anatero a Enos, "amati chiyani paja? Ndinangomva 'pepani chomene', kenako ndinamva madzi m'mphuno."

"Auzeni kuti ndimati abwere mbali yanga. Mphepo ikalimba, boti ili silingayende wina uku wina uku. Ndinalakwa ine posanena poyamba." Dyness anapitiriza kufinya chitenje. "Auzeni kuti basi, tisiye. Ndidzapikisana chaka chamawa."

A Enos ankayang'ana mulu wa matabwa amene ocheka anaunjika pafupi ndi msewu. Anadzuka ndi bulangete lawo, nakasankha thabwa limodzi lochindikala, lalitali mamita atatu. Analiika pachitsa, nakhala kunsonga kwake, naliyesa kulimba kwake.

"Lumbani, boti likufuna kulemera kwanga mbali ya mphepo. Silinanene kuti ndikhale pafupi ndi munthu. Tikamanga thabwa ili pamtanda wakutsogolo, lizitulukira kunja kwa boti, ine n'kukhala kunsonga uko pamwamba pa madzi, aNyaHara ali kumbuyo ndi chiwongolero chawo, amayi ako anganene chiyani?"

Lumbani anayeza ndi maso. "Tingakhome zitsulo ziwiri zopinda kuti thabwalo liziyenda m'kati mwake. Boti likatembenuka, inu muzilikankhira mbali inayo."

Dyness anali atasiya kufinya chitenje. Anaona msanga chimene amuna awiriwo anali asanaone: munthu wokhala kunja kwa boti amalitsitsa mwamphamvu kuposa wokhala m'mphepete. Ndiye kuti akanatha kukoka thanga kwambiri osagubuduka.

"Auzeni kuti nzeru imeneyo ndi yabwino kwambiri," anatero. "Koma nanga ndiziwauza bwanji nthawi yotuluka ndi yobwerera? Pakamwa panga sipangathe kuwalamula."

Nkhani imeneyi inawavuta mpaka pobwerera. Ali m'pikapu, atalowa m'tauni, wanjinga ya kabaza anawadutsa akuliza belu, ndipo anthu oyenda pansi anapatuka osatembenuka n'komwe. Dyness anagwira phewa la mwamuna wake.

"Belu! Belu silinyoza munthu. Ngakhale abusa amapatuka likalira."

Mawa lake anamasula belu panjinga ya Lumbani nalimangirira pampini wa chiwongolero. Anagwirizana kuti likalira kamodzi, a Enos atuluke kunsonga kwa thabwa. Likalira kawiri, abwerere pakati chifukwa boti likutembenuka, akankhire thabwa mbali inayo, n'kudikira. ANyaTembo anabwera okha kudzayendera. Anayeza mtunda wochokera pathabwa kufika pachiwongolero ndi mapazi awo, napeza mapazi khumi ndi awiri.

"Kutchalitchi mabenchi a amuna ndi a amayi amayandikana kuposa apa," anatero a Enos.

"Ndaona," anayankha aNyaTembo. "Koma musamatembenuke kumayang'ana mwana wa eni."

"Nditembenukirenji? Ndili ndi makutu."

Masabata awiri otsalawo anayeserera pafupifupi tsiku lililonse masana. Poyamba a Enos ankachedwa kukankha thabwa, ndipo kawiri konse anatsala m'madzi boti likupita. Dyness anasoka kansalu kochindikala kunsonga kwa thabwalo kuti asamaterereke, namangaponso chingwe chogwira. Lumbani anapaka sopo m'zitsulo zija kuti thabwa liziyenda mofewa. Pofika sabata yachiwiri, belu likangoti ngiri, mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ankatsetsereka pathabwa ngati mnyamata, n'kukakhala pamwamba pa madzi miyendo ili lendelende, akuimba nyimbo za ingoma.

Blackson anasiya kuseka. Anapita kwa akuluakulu a gulu kukadandaula kuti thabwalo n'kubera. Iwo anawerenga malamulo awo onse, tsamba limodzi ndi theka, ndipo sanapezemo mawu oletsa thabwa.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi mwera wamphamvu. Mitengo ya paini inkalira mbali zonse za damu. Anthu anabwera pa malole ndi pa njinga, ena kuchokera ku Mzimba, ena kumidzi yozungulira, ndipo amayi ogulitsa mbatata yootcha ndi tiyi anayala malonda awo m'mbali mwa msewu. ANyaTembo anabwera ndi anzawo atatu a kumvano, nakhala kutsogolo penipeni pamodzi ndi Lumbani.

Maboti aakulu anali anayi. Ankayenera kuzungulira zigubu zitatu zachikasu zoyandama, kawiri, n'kubwerera pamzere wa pafupi ndi gombe. Wezulo italira, Blackson ndi mng'ono wake, amuna awiri onenepa, anatsogola. Dyness ananyamuka mochedwa pang'ono chifukwa ankaopa kugundana ndi anzake, ndipo anali wachitatu pofika pa chigubu choyamba.

Ngiri! A Enos anatuluka. Dyness anakoka chingwe chofiira mpaka manja anawawa, ndipo boti linathamanga moti madzi ankawathira kumaso. Anadutsa boti lachiwiri asanafike pa chigubu chachiwiri. Lachinayi linathyoka mlongoti n'kutuluka mumpikisano. Pomaliza kuzungulira koyamba, kumbuyo kwa boti la Blackson kunali pafupi moti Dyness ankawerenga zilembo za pajekete lake.

"Alamu, bwererani kumakina!" Blackson anakuwa. "Madiresi a anthu akudikira!"

Dyness ankangoyang'ana thanga ndi madzi. Pa chigubu chomaliza cha ulendo wachiwiri, Blackson anakhota motalikira, ndipo Dyness anaona mpata wolowera m'kati. Ngiri, ngiri! A Enos anabwerera pakati nakankha thabwa. Boti linatembenuka, thanga linawoloka mwamphamvu, ndipo chingwe chofiira chinakola belu n'kulizula pampini. Dyness analiona likuwuluka, likunyezimira padzuwa, mpaka linagwa m'madzi.

Tsopano maboti awiriwo anali pambali ndi pambali, mzere womaliza uli patsogolo. A Enos anakhala pakati atayang'ana kutsogolo, manja pathabwa, akudikira belu monga anapangana. Sanadziwe kuti kulibe. Kumanja, madzi anada ndi kuchita makwinya: chimphepo chinkabwera, ndipo chikanawapeza mkuluyo ali pakati, boti likanagona monga tsiku loyamba lija. Dyness akanatha kumasula chingwe kuti thanga lipepuke, koma kutero kunali kumupatsa Blackson mpikisano. Anamenya mpini ndi chikhatho. A Enos sanamve. Anatsokomola mwamphamvu. Mphepo inameza chifuwacho. Kaboti ka mbali yake kanayamba kunyamuka.

"Adada!" Mawu anatuluka okha, aakulu ngati a woitanira basi. "Kuthabwa! Tulukani! Msanga!"

A Enos anatsetsereka.

"Kunsonga! Musakhale ngati muli pamaliro, gonani chagada! Gonani!"

A Enos anagwira chingwe chawo nagona chagada pamwamba pa madzi, imvi zawo zikukhudza mafunde. Chimphepo chinafika. Boti linapendekeka, linanjenjemera, koma silinagone. Linathamanga ndi kaboti kamodzi m'madzi, kena kali m'mwamba. Blackson, poopa kugubuduka, anamasula chingwe chake, thanga lake linakupiza, ndipo Dyness anadutsa pamzere patsogolo pake ndi utali wa boti limodzi.

Kumtunda kunali nthungululu ndi malikhweru. Lumbani ankadumpha atanyamula mkono wake wachikhakha ndi dzanja linalo. Koma Dyness, potsitsa thanga, anakumbukira mmene anawakuwira apongozi ake. Mphepo inkawomba kulowera kugombe, ndipo madzi amanyamula mawu. Aliyense anali atamva, kuphatikizapo amayi anayi a kumvano amene anakhala kutsogolo.

Atakokera boti pamchenga, iye anapita patali nagwada, maso pansi, madzi akudontha m'zovala. ANyaTembo anaimirira osaseka. Blackson anafika akupukuta nkhope, ndipo ngakhale anagonja, anapeza pobwezera.

"Madala, mwapambana, sindikana. Koma mkamwana wanu wakulamulani ngati ng'ombe ya pangolo! 'Gonani chagada!' Mpaka ku Chikangawa amva."

Anthu anaseka, kenako anakhala chete kuti amve yankho. A Enos anavula jekete lawo pang'onopang'ono, nalipereka kwa Lumbani.

"Wandilamula ndani?"

"Alamu anga, aNyaHara. Tonse tamva."

"Ine ndamva belu."

"Belu liti, madala? Belu lagwa m'madzi pa chigubu chachitatu. Ndaliona ndi maso angawa."

"Mbwenu lalira lili pansi pa madzi," anatero a Enos. "Ndi belu labwino chomene. Lumbani, unaligula kuti?"

Chiseko chinaphulika gombe lonse. Mmodzi wa amayi a kumvano anagwira m'mimba nakhala pansi. Blackson anatambasula manja natembenukira kwa aNyaTembo.

"Amama, inu ndinu munthu wopemphera. Nenani zoona. Simunamve?"

ANyaTembo anayang'ana mwamuna wawo, amene ankanjenjemera ndi kuzizira koma nkhope ili ngwee ngati mwana. Anayang'ananso Dyness, amene anali chigwadire.

"Ine makutu anga anakalamba, a Blackson," anatero. "Ndipo mphepo inali yambiri. Chimene ndaona n'chakuti inu mwafika mochedwa."

Anamasula chitenje chapamwamba chimene anafunda, napita pamene panali Dyness, namufunditsa pamapewa.

"Dzuka, mwana wanga, ungadwale chibayo. Tiye ukamwe tiyi."

Dyness anadzuka. Akudutsa, a Enos anayang'ana kumitengo ya paini, nalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Lumbani, uwauze aNyaHara kuti yewo chomene. Uwauzenso kuti pokhota pa chigubu chachiwiri paja anachedwa pang'ono."

"Auzeni kuti ndamva," anatero Dyness, akubisa kumwetulira m'chitenje. "Auzeninso kuti anachedwa ndi iwo kukankha thabwa."

Lumbani anayang'ana bambo ake, nayang'ana mkazi wake, napukusa mutu.

"Zimenezo muuzane nokha," anatero, napita kukagula mbatata.